Chaka chino ndafutsa ndekha

Anzanga lero ndikufuna tikambe za mfutso, inde mfutso womwewu ambiri m'tauni muno tinauiwala kalekale. Ine ndimagwira ntchito ku Lilongwe koma mtima wanga uli kumudzi ku Ntcheu, chakufupi ndi Lizulu, paja mukaima pamsewu wa M1 mbali ino ndi Malawi kungowoloka tsidya mwalowa Mozambique. Mwezi ukatha ndimakwera basi Lachisanu madzulo kupita kukaona kadimba komwe malemu bambo anasiya, mabedi khumi ndi awiri basi, si ka bizinesi ayi, ndi kongoti pakhomo pasamasowe ndiwo komanso ineyo ndikagwira khasu mutu umapepuka. Masiku omwe ine kulibe amathirira ndi mphwanga, azakhali ndiye amayang'anira zonse.

Zaka zoyamba ndinkangodzala zomwe aliyense amadzala kwathu kuja, repu, mpiru, chainizi, tomato ndi anyezi pang'ono, mbewu zogula m'mapaketi. Bonongwe ndi chisoso zikamera pakati pa mabedi ndinkazula n'kutaya kunja, azakhali ankangobwera mwakachetechete n'kutola zomwe ndatayazo kuika m'lichero osanena kanthu.

Ndiye kunabwera 2024. Mukukumbukira mvula inadula pakati chimanga chisanakhwime, El Niño uja, mpaka mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala. Apa n'kuti kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza ndi mbewu zomwe zitakwera zoti munthu ukalowa mushopu umangogwira pakamwa. Chitsime cha m'dimba mwathu chomwe chimafika nawo madzi mpaka mvula yoyamba, chaka chimenecho pofika Seputembala kheni imatuluka ndi matope okhaokha, repu anafota tikuona, tomato yemwe anatsala mbozi zija zoboola masamba ndi zipatso zinamumaliza. Ndinafika kumudzi mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ndinakhala pamphepete pa bedi louma gwa ndipo kunena zoona misozi inalengeza, chifukwa ndinali nditaikapo mtima wonse.

Madzulo ake azakhali anakwera pampando kukhitchini n'kutsitsa chikwatu chakuda bii ndi utsi chomwe chinali chikulendewera kudenga. Atamasula luzi n'kufunyulula masamba a msuku aja, mkati munali khwanya wouma bwinobwino, fungo lake lokha linandikumbutsa agogo. Anaphika wotendera, tinadyera nsima ya mgaiwa, ana anamaliza mbale mpaka kunyambita zala. Ndinawafunsa kuti azakhali, kodi zimenezi munakonza liti, iwo akuti "mwanawe, nthawi ija unali kalikiliki ndi repu wako ine ndimathyola khwanya kumunda, ndiwo zikachuluka m'pamene umaganiza za Okutobala." Anali ndi zikwatu zisanu ndi zinayi, za nkhwani, za khwanya, za chitambe, ndipo n'zimene zinatifikitsa ku mvula.

Ndiye Malichi wotsatira ndinatenga holide ya sabata yathunthu kuti ndikaphunzire ndi manja anga, osangoti kuonerera.

Timalawirira m'mamawa mame asanakamuke. Nkhwani sumangothyola tsamba lililonse, umasankha anthete a kunsonga, okalamba aja olimba amakhala okwanda kukhosi olo uwaphike bwanji, komanso suyenera kumaliza mtengo umodzi chifukwa dzungu likufunikabe masamba kuti likule. Tikafika pakhomo timakhala pamkeka kusadzula, ntchito yotopetsa zala imeneyi koma m'pamene nkhani zonse za m'mudzi zimakambidwira. Kenako kutsuka, kuduladula, madzi akawira mumphika waukulu n'kathiridwa kamchere umaponyamo masamba kanthawi kochepa chabe, kungoti afote mtundu usinthe, osati apse. Apa m'pamene pali luso lonse ndipo azakhali sayang'ana wotchi, amangotsina tsamba limodzi ndi zala n'kunena kuti phula.

Ulendo woyamba ndinaononga dengu lathunthu la chitambe. Ndinayanika mounjika pamphasa, kumwamba kunachita mitambo masiku awiri, tsiku lachitatu pansi pake panali patayera ndi nkhungu, kununkha. Zinandipweteka kwambiri chifukwa anali masamba abwino zedi komanso tinathyola tonse ndi ana m'mawa wonse. Azakhali sanakalipe, anangoti mwaza mopyapyala ngati ukufesa nazale, uzitembenuza pafupipafupi, ndipo usafutse tsiku lomwe kumwamba sikukuoneka bwino.

Pali pamodzi pomwe sitinagwirizane mpaka lero. Alangizi a zakudya amati masamba aziyanikidwa pamthunzi pomwe pakupita mphepo, chifukwa dzuwa lamphamvu limaononga mavitamini makamaka vitamini A, ndipo n'zoona mfutso wa pamthunzi umakhalabe wobiriwira pomwe wa padzuwa umada. Azakhali akuti kwathu kuno kozizira pamthunzi pamachedwa, nkhungu imakupeza usanamalize. Ine ndinamanga kathandala pakhonde la kum'mawa komwe dzuwa limangomenya m'mawa kenako mthunzi, ndinayalapo chiguduli choyera, masiku anayi anali atauma oti ukafinya m'manja akuchita phwanyu. Iwo awo anayanikabe pabwalo monga mwa kale. Tinalawa onse awiri ndipo ine ndimaona kuti wanga ukukoma kuposa, iwo akuti palibe kusiyana, ndiye basi aliyense akupanga mwake.

Kumanga chikwatu ndiye kunandivuta kuposa zonse. Masamba a msuku ndi aakulu komanso olimba, umawayala mopingasa pansi, kuthira mfutso pakati, kukulunga mpaka chikhale ngati mpira, kenako luzi kuzunguliza mbali zonse molimba kuti mphepo ndi tizilombo zisapeze polowera. Zanga ziwiri zoyamba zinamasuka ndisanazipachike n'komwe. Ena masiku ano amangoika m'mabigiri kapena m'majumbo, sindikuwanena, koma m'jumbo mukangotsala kachinyezi pang'ono zonse zawola, pomwe chikwatu chikakhala pamwamba pa moto utsi umachiteteza miyezi ndi miyezi. Chomvetsa chisoni n'choti misuku yomweyo ikutha ndi makala, tinayenda mtunda ndithu kukafika kuphiri kuti tipeze mitengo ya masamba abwino, pomwe ndili mwana inali kuseri kwa nyumba.

Kaphikidwe kake n'kosavuta koma musapupulume. Tapani mfutso dzanja limodzi kapena awiri, umachuluka ukalowa m'madzi, muuviike kaye pang'ono kuti ufewe komanso mchenga utsike pansi. Ikani pamoto ndi madzi ochepa, azakhali amadonthezamo chidulo chomwe amacheza kuchokera ku phulusa la zitsononkho, ine ndimathira pang'ono zedi chifukwa chikachuluka ndiwo zimaterera n'kutaya kukoma. Ukafewa ikani tomato ndi mchere, kenako nsinjiro pamwamba, ndipo apa chonde musavundule msanga, vindikirani nsinjiro zipse ndi nthunzi kaye, mukatakasa zisanapse mudzamva chiwisi m'kamwa. Mtedza wake muzisankha bwino musanasinje, wofota ndi wachuku uja tayani, si wabwino m'thupi makamaka kwa ana. Ife timalima mtedza wa mtundu wa CG7 kumunda, uli ndi mafuta ambiri ndiye ndiwo zimachita kunona popanda dontho la mafuta ogula.

Panopa m'dimba mabedi atatu ndawasiyira bonongwe, luni ndi chisoso, mphwanga ndinamuuza kuti asazulenso, ndipo zimenezi sizifuna mankhwala olo feteleza, manyowa a mbuzi okha zikukondwa. Repu ndi tomato ndikudzalabe, sindinasiye. Kudenga kwa khitchini kukulendewera zikwatu zanga zisanu pambali pa za azakhali, zanga n'zokhotakhota mumazidziwira patali. Chimodzi cha nkhwani ndabwera nacho kuno ku Lilongwe, ndachipachika pa msomali kukhitchini, mwana wanga wamkazi tsiku lililonse akufunsa kuti adadi titsegula liti, ndamuuza kuti adikire Okutobala.