Alamu, mwana wanu uja wakhoza

Zotsatira zatuluka m'mawa uno. Mnyamata wathu wakhoza IGCSE, mayeso a kusekondale a bungwe la Cambridge la ku Britain, maphunziro onse asanu amene analemba mu Meyi ndi Juni. Ndikulemba manja akunjenjemera, ndiye ndikamabwerezabwereza mundikhululukire.

Ambiri mukudziwa kumene tachokera. Masukulu atatsekedwa mu 2020 chifukwa cha COVID-19, ndinakhala naye pansi kuti tiwerenge limodzi. M'pamene ndinazindikira kuti mwana wa zaka 11 satha kuwerenga, ankangoloweza zimene anzake anena. Kwa iye b ndi d zinali chimodzimodzi. Ma lipoti akusukulu ankangoti ndi waulesi, ine n'kumamukalipira. Titakamuyezetsa anatiuza kuti ndi dyslexia, vuto lolumikiza zilembo ndi kamvekedwe kake, osati kuchepa nzeru. Masukulu atatsegulidwa, ine ndi bambo ake tinagwirizana kuti sabwererako. M'kalasi lodzaza ndani akanamudikira?

Ndinayamba ndi mphamvu zolakwika. Ndandanda pakhoma, kuyambira 8 koloko mpaka 2 koloko, ngati kusukulu komweko. Pofika masana iye akulira, ine ndikulira.

Ndiye kunabwera alamu anga, achemwali a bambo ake, amene anali atangopuma ntchito yauphunzitsi. Anaima n'kuyang'ana ndandanda ija, kenaka anaimatula. "Mlamu, mwanayu simukumuphunzitsa, mukumuthamangitsa." Zinandiwawa, koma ankanena zoona. Anatenga mbale yaikulu, kuthiramo mchenga, mwana azilemba chilembo ndi chala uku akutchula kamvekedwe kake. Akalakwitsa, kungogwedeza mbale basi, palibe cholembera chofiira. Ndiwonso anandiphunzitsa njira ya Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku Britain uja: phunziro lisapitirire mphindi 15 kapena 20, mukamuwerengera nkhani aibwereze m'mawu ake. Tsiku limene anawerenga tsamba lathunthu yekha, alamu anatuluka panja ati kukaona nyengo. Ndinawapeza akupukuta misozi.

Alamu, katatu pa sabata kwa zaka zisanu, osalandira kanthu. Ndikubwezerani chiyani ine? Polembetsa mayeso ngati wophunzira wapadera ndinu munaumirira kuti tipereke kalata ya dyslexia ija, Cambridge imuwonjezere nthawi yolembera ndi 25 peresenti. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti zimatheka. Mulungu amene amaona zam'seri akupatseni moyo wautali, akuchiritseninso mawondo amene munkabwera nawo akupweteka aja.

Bambo ake, zikomo pogwira ntchito ziwiri ine nditasiya yanga, komanso pokhala nane usiku pa mavidiyo ophunzitsa a pa intaneti a Khan Academy, tikuphunziranso masamu amene tinawathawa tili ana. Anyamata a timu ya mpira, zikomo, simunamuone ngati wachilendo.

Ena munkati tikumuwononga mwana, tikumuweta ngati nkhuku ya m'khola, adzakhala wopanda anzake. Zaka zisanu osafunsako ngakhale kuti zikuyenda bwanji. Mauthenga anu a lero ndawaona, ndiyankha ndikapuma.

Ambuye, munationa tikulira pa tebulo lija. Landirani ulemu.

Alamu, foni yanu sikuyankhidwa, ndikudziwa mukulira. Mwana wanu akuti mubwere mawa, akufuna akuwerengereni yekha zotsatirazi. Mbale ya mchenga ija ikadali pamwamba pa kabati, ndipo wanenetsa kuti musaitenge.