Kulembetsa gulu lathu la phala ku Chinsapo: kubanki n'komwe kunandiwawa

Satifiketi ili m'manja, akaunti yatsegulidwa, ndapumako tsopano. Amayi a ku Mtandire ndi ku Kauma akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti tinayenda bwanji, ndiye ndingonena kamodzi aliyense amve.

Ife timaphikira phala ana a sukulu ya mmera mpoyamba kwathu ku Chinsapo. Palibe amalandira kanthu, ngakhale alezi. Tinkangosonkha, uyu chimanga, uyu soya, wina nkhuni, wina ya kuchigayo. Koma kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, soya ndi shuga zinakwera moti pofika pakati pa mwezi phala linkakhala lamadzimadzi. Mnyamata wina wa kwathu konkuno amene ali ku Johannesburg anati iye ndi anzake atithandiza, koma sangamatumize pa Airtel Money ya munthu mmodzi, akufuna akaunti ya gulu. Ndipo banki sitsegulira gulu lopanda pepala.

Musalole munthu akutumizeni ku NGORA kapena ku CONGOMA. Kumeneko n'kwa mabungwe akuluakulu, a ma NGO, okhala ndi maofesi ndi magalimoto. Gulu la m'dera ngati lathuli ndi CBO, ndipo limalembetsedwa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya pa boma. Ife anatifunsa malamulo a gulu, mayina a mamembala ndi a komiti, ndi kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo. Kwa amfumu mukudziwa kale mapitidwe ake, sindingakuphunzitseni. Malamulowo musakopere a gulu lina mwachimbulimbuli. Lembani zanu: mumakumana liti, ndalama amasunga ndani, wosiya gulu amatani, mapoto ndi a ndani gulu likatha. Nkhani ya mapotoyi muiona ngati yaing'ono mpaka tsiku limene mudzakangane.

Mayina onse alembedwe monga alili pa chiphaso cha unzika, chilembo ndi chilembo. Gwirani pamenepa.

Tsono kubanki. Sinditchula dzina, koma Mulungu akuwaona. Tinanyamuka atatu osayinira, amayi apampando, msungichuma ndi ine mlembi, m'mawa ana asanamwe n'komwe phala. Minibasi mpaka m'tauni, ya m'thumba mwathu. Mzere unali utatulukira kale panja. Titafika pa kauntala dzuwa lili pamutu, mtsikana wake anangotembenuza mapepala osatiyang'ana, n'kuti, "Amayi, maminitsi osankha osayinira ali kuti?" Ndinawatulutsa. "Palibe chidindo cha gulu." Chidindo cha gulu! Anthu ophika phala pa mafuwa tikhale ndi chidindo? Kufunsa kuti bwanji sanatiuze tsiku lomwe ndinabwera kudzatenga mafomu, anangoti, "Pepani amayi, ndi mmene zilili," uku akuitana wotsatira.

Tinakasemetsa chidindocho. Kubwereranso, nkhani yasintha: akufuna bilu ya madzi kapena ya magetsi ya aliyense wosayinira. Ife madzi timatunga pa kiyosiki, nyumba n'zalendi, bilu ichokera kuti? Apa mpamene ananena kuti kalata ya amfumu imalowa m'malo mwa bilu, koma aliyense yakeyake, ija ya gulu ayi. Ndiye kuseri kwa fomu mujambule mapu a kunyumba kwanu. Amayi apampando, munthu wamkulu wolemekezeka, atagwira bolopeni pa bondo kujambula njira yochokera mumsewu wa ku Likuni, kudutsa pa chigayo, kukhota pa mtengo wa mango. Anafufuta mpaka pepala linabooka.

Koma tsiku limene linandipsetsa mtima kwambiri ndi la dzina. Msungichuma wathu dera lonse limamudziwa ndi dzina la amuna ake, ndipo pa msonkhano anthu anamusankha ndi dzina limenelo. Pa chiphaso pali la bambo ake omubereka. Tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa, netiweki akuti yavuta, kenaka amene amaona za magulu akuti apita kukadya. Atabwera anayang'ana chiphaso, kuyang'ana maminitsi, n'kuti, "Awa ndi anthu awiri osiyana." Munthu ali chiimire pamaso pawo, nkhope yomweyo ili pa chiphasopo! Ndinati, "Bwana, tikonze ndi bolopeni pompano tisayinire tonse." Anakana. Akuti tikalembenso, komiti yonse isayinirenso, chidindo chimenyedwenso. Msungichuma anatseka benchi yake ya tomato tsiku lonse chifukwa cha zimenezi, ndipo pobwerera mu minibasi sanayankhule ndi aliyense. Munthu wongodzipereka, wosalipidwa, mpaka kugona ndi njala chifukwa cha phala la ana a eni.

Ndiye ndikubwereza: dzina la pa chiphaso, osati lodziwika nalo. Itanitsani ziphaso pa msonkhano pomwepo, mlembi azikopera akuona.

Ndaiwala za kuyendera. Tisanalandire satifiketi a ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ija anabwera kudzaona malo, ndipo alangizi a zaumoyo analimbikira za chimbudzi ndi posambira m'manja. Apa sindinadandaule. Tonse tikukumbuka kolera uja, mmene sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwera kutsegulidwa mu Januwale 2023. Mpondagiya wa kachigubu ndi sopo womangirira pa chingwe anakwanira. Konzani zimenezi asanabwere.

Mafotokope pangani ambiri nthawi imodzi mukapeza magetsi, pepala lililonse, ndipo loyambirira lisachoke m'manja mwanu. Kubanki musatume munthu kukafunsa pakamwa. Auzeni akulembereni papepala zonse zofunika pa akaunti ya gulu, ndipo funsani ndalama zimene azidula mwezi ndi mwezi, chifukwa timagulu tating'ono timatha ndi zodulazo.

China, mbiri ikangomveka kuti mwalembetsa, anthu amene sanagwirepo mthiko ayamba kubwera kudzafunsa za alawansi, poganiza kuti azungu afika. Ife tinaika m'malamulo kuti membala ndi amene wakhala pa ndandanda wophika, ndipo ndandandawo timaumata pa chitseko cha kalasi Lolemba lililonse.