Magazi a Mawanga

Nkhosa zanga zilipo khumi ndi zinayi, za michira yamafuta zija kuno ku Angónia tinazizolowera. Zimadya msipu wa kudambo, mapesi a chimanga ndi makoko a nyemba. Ndowe zake ndiye manyowa a kudimba la mbatata. Feteleza sindithira, ndipo mankhwala ndimapereka zikavutitsitsa.

Mu February, mvula ili pakati, Mawanga, imodzi mwa nkhosazi, anayamba kutsalira popita kubusa. Pansi pa chibwano panatupa, tolobondo ngati kathumba ka madzi. Alangizi a ziweto anabwera pa njinga yamoto kuchokera ku Ulongwe, nafinya chikope cha m'munsi ndi chala chachikulu. M'kati munali mbuu! Anatenga magazi pa mtsempha wa m'khosi, nathira m'kabotolo ka chitsekerero chapepo.

Pepala linabwera m'Chipwitikizi: hematócrito 17. "Bambo, nkhosayi magazi atha," anatero. Nambalayi imasonyeza gawo la maselo ofiira pa magawo 100 a magazi, ndipo mabuku amati ya nkhosa yathanzi imakhala pakati pa 27 ndi 45. Wolanda magaziwo anali Haemonchus contortus, nyongolotsi yowonda ngati ulusi, imene imakakamira m'chifu n'kumayamwa usana ndi usiku. Msipu wonyowa wa dzinja ndiwo mudzi wake.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti malire a m'mabukuwo anachokera ku nkhosa za mitundu ina, zodya zina, kumaiko ena. Magazi amasintha ndi mtundu, msinkhu, bere, chakudya ndi nyengo. Kodi nkhosa ya kuno kumapiri kozizira ingafanane ndi ya ku Changara, kumene dzuwa limaswa mtengo? Ndinapempha kuti tiyeze zinayi zathanzi, tidzabwerezenso m'chilimwe, kuti ndidziwe magazi a khola langa lenilenilo. Manambala ndikulemba m'kope, iliyonse ndi dzina lake.

Malume anandidzudzula: "Iwe paja umati sufuna mankhwala?" Ndinawayankha mwaulemu kuti kuweta mwachilengedwe si kuonerera chiweto chikufa. Mawanga anamwa mankhwala a nyongolotsi, pamodzi ndi ziwiri zina zimene maso ake anali oyera. Zotsalazo sindinazikhudze, chifukwa kumwetsa khola lonse kawirikawiri n'kumene kumalimbitsa nyongolotsi mpaka mankhwala kuleka kugwira ntchito.

Alangizi anandisiyira kakhadi ka FAMACHA, kochokera ku South Africa, ka mitundu isanu kuyambira kufiira (1) mpaka kuyera (5). Loweruka lililonse m'mawa, zisanatuluke, ndimagwada pakhomo la khola n'kuyerekeza diso ndi khadi. Sabata yatha la Mawanga linafika pa 2.