Loweruka m'mawa pansi pa mitengo ya ku Zomba

Lero ndinalawirira tambala atangolira kachiwiri, chifukwa mwezi uno wa Okutobala dzuwa silichedwa kuswa mtengo, ndipo munthu wofuna kuthamanga ayenera kumaliza ulendo wake nthaka isanayambe kutentha kumapazi. Papita miyezi inayi chindiuzireni kuchipatala kuti magazi anga ayamba kuthamanga kwambiri ndipo ndiyenera kumalimbitsa thupi, choncho Loweruka lililonse ndimalowera kumunda wa mitengo ndi maluwa umene uli m'tsinde mwa phiri la Zomba, kumene ambiri timangokutchula kuti ku Botanic.

Ndinayamba ndi misewu ya kumtunda kwa tauni, kumene kuli nyumba zakale za boma. Msewu unali utayalidwa maluwa ofiirira a jakaranda amene anayoyoka usiku, ndipo anthu oyamba kukumana nawo anali amayi atatu osenza nkhuni, akutsika kuchokera kuphiri mwandawala. Ndinadutsa pafupi ndi nyumba yakale ya malamulo, imene aphungu ankakumaniramo mpaka chaka cha 1994 ngakhale kuti likulu la dziko linali litasamukira kale ku Lilongwe mu 1975. Chitunda cha kumeneko chimaoneka chofatsa ndi maso, koma miyendo ndi imene imadziwa zoona zake, moti pofika pachipata cha mundawo malaya anali atamatirira kumsana ndipo mpweya unkandiperewera.

Chimene chimandikoka kubwera kuno mlungu ndi mlungu chimachitika m'masitepe makumi awiri oyambirira munthu akangolowa. Kutentha kwa pamsewu kumatsala kumbuyo, mphepo yozizira yonunkhira masamba onyowa imakulandira, ndipo phokoso la njinga zamoto limamizidwa ndi mkokomo wa mtsinje wa Mulunguzi umene umadutsa m'mundamo pochokera pamwamba pa phiri. Ndi mtsinje womwewu umene anautseka kumtunda kuja n'kupanga damu lomwe timamwako madzi m'tauni muno, kotero ndikamauona ukutsetsereka pakati pa miyala ndimauona ngati mnansi amene ndimakumana naye tsiku lililonse pampopi wa kunyumba. Nyengo ino madzi achepa ndipo miyala yambiri yatulukira poyera, komabe mtsinjewo sunasiye kulankhula.

Njira yanga ndinaigawa patatu, mogwirizana ndi mmene malowo anakhalira. Gawo la m'mbali mwa mtsinje ndimathamanga pang'onopang'ono, chifukwa mizu ya mitengo inatumphuka pamwamba pa nthaka ndipo miyala ina imaterera ndi ndere. Munthu wongoyang'ana kutsogolo osayang'ana pansi sachedwa kubinya phazi. Gawo lokwera ndimayenda chabe, manja ali m'chiuno, ndikuwerenga mpweya wanga. Potsika m'pamene ndimamasula miyendo, koma ndinaphunzira kufupikitsa masitepe nditavutika ndi bondo kwa milungu iwiri m'mwezi wa Ogasiti. Lero ndazungulira katatu, ndipo ulendo wachitatu ndinafika pamwamba osaima ngakhale kamodzi, zimene sindinazichitepo chiyambire.

Pamalo ena njira imadutsa pansi pa nsungwi zazitali zimene zinakumana pamwamba ngati denga la tchalitchi. Mphepo ikawomba zimakhulana n'kumalira ngati chitseko chakale, ndipo masamba ake ouma amene anadzaza pansi amachititsa phazi kutera mofewa kuposa pena paliponse m'mundamo. Pamenepa m'pamene ndinakumana ndi apusi asanu ndi mmodzi, mmodzi mwa iwo atakolekera mwana kumimba. Sanathawe, anangosuntha pang'ono n'kundisiyira njira, akundiyang'ana m'manja kuti aone ngati ndanyamula chakudya.

Nditamaliza kuzungulira kwachiwiri ndinaima pansi pa mtengo waukulu wa mbawa kuti ndimwe madzi. Ndinayesa kuukumbatira ndipo manja anga sanafike n'komwe theka la thunthu lake. Khungwa lake ndi lotuwa, losalala m'malo ena ndi lokakala m'malo ena, ndipo pansi panali zikhokho za zipatso zake zimene zimang'ambika zikauma n'kumwaza njere zamapiko. Pafupi pomwepo bambo wina wachikulire ankasesa masamba ndi tsache la mapesi a kanjedza.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" ndinawapatsa moni.

"Ndadzuka bwino, kaya inu achimwene? Ndakuonani mwadutsa kawiri. Kodi mtengo mwatsamirawo mukuudziwa dzina?"

Nditayankha kuti ndi mbawa anagwedeza mutu movomereza, kenaka anandifunsa za mtengo wina umene unali patsidya pa njira, wamasamba aatali omera mozungulira nthambi, ndipo ndinalephera. Anandiuza kuti ndi mwimbi, anathyola tsamba limodzi kuti ndione utomoni woyera umene umatuluka, n'kundikumbutsa kuti makolo ankadziwa kuti pamene pamera mwimbi madzi sakhala patali. "Ambiri mumangodutsa ngati mphepo," anatero akubwerera ku tsache lawo, "koma mitengoyi ili ndi mayina ngati anthu."

Mawu amenewa anandikhudza, chifukwa ndi zoona kuti kwa miyezi inayi maso anga akhala ali pa wotchi. Choncho ulendo womaliza nditafika pamwamba ndinatsika ndikuyenda, ndikuwerenga timapepala tachitsulo timene tinakhomedwa pa mitengo ina, pamene panalembedwa mayina a sayansi. Munda uno unayambika mu 1891 ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera wochokera ku Scotland amene anabwera ndi Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda m'dziko muno, ndipo cholinga chake poyamba chinali kuyesa mbewu ndi mitengo yochokera kunja kuti aone imene ingachite bwino m'dziko muno. N'chifukwa chake mitengo yathu yachilengedwe ndi yachilendo inaimirira moyandikana chonchi. Whyte yemweyu ndi amene anakatola nthambi za mkungudza pa phiri la Mulanje, ndipo mtengowo, umene lero ndi mtengo wa fuko lathu, unapatsidwa dzina lake loti Widdringtonia whytei. Mabuku amasunga dzina la mzunguyo, koma ine lero ndinaganiziranso za anthu a kuno amene anakumba maenje, kusenza madzi kuchokera mu Mulunguzi ndi kupalira mbande zimenezi, amene mayina awo sanalembedwe pa kachitsulo kalikonse. Bambo watsache uja ali mumzere womwewo wa anthu amene asamalira malowa kwa zaka zoposa 130. Masiku ano mundawu uli m'manja mwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1987 ndipo limayang'aniranso minda ina yotere ku Lilongwe ndi ku Mzuzu.

Ndikakweza maso kuchokera pamalo otseguka a m'mundamo ndimaona mapiri ozungulira tauni yathu, ndipo mtima umandiwawa. Mbali zina zimene ndili mwana zinali zobiriwira tsopano zinasanduka dazi, ndipo mwezi uno utsi wa moto wolusa umaoneka pafupifupi madzulo alionse. Sindingaweruze amayi ankhuni aja kapena anyamata otsika ndi matumba a makala panjinga, popeza ngakhale kwathu mbaula imayaka magetsi akazima. Komabe kusiyana kwa kutentha kwa pamsewu ndi kuzizira kwa pansi pa mbawa kumandiuza momveka chimene tikutaya. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo chaka ndi chaka timadzala mbande zambiri, koma mbawa ija inafika pamene ilipo chifukwa panali munthu woithirira ndi kuitchinjiriza ku moto ndi mbuzi, zomwe nthawi zambiri timaziiwala mwambo wodzala ukangotha.

Chinthu chimodzi chandinyansa lero. Pamwala wathyathyathya wa m'mphepete mwa mtsinje, pamene anthu amakonda kukhala n'kumadya, ndinapeza mabotolo apulasitiki, mapepala a tchipisi ndi majumbo atatu, limodzi litakodwa kale pamizu m'madzi. Amene anasiya zimenezi anabwera chifukwa malowa ndi okongola, ndiye n'zovuta kumvetsa kuti anachoka bwanji osatembenuka kuona zimene asiya. Ndinavula nsapato, ndinalowa m'madzi ozizira ofika m'akakolo, ndinatola zonse n'kuziika m'jumbo limodzi.

Pamene ndinkatuluka, cha m'ma 9 koloko, mundawo unali utayamba kudzaza. Ophunzira awiri a pa yunivesite anali atayala chitenje pa kapinga, mabuku ali pakati pawo, ndipo pachipata panaima galimoto yokongoletsedwa ndi nsalu zoyera, akwati ndi aperekezi awo akutsika kudzajambulitsa. Ndinakataya jumbo lija m'bini, ndinatsanzikana ndi bambo aja, ndipo anandilonjeza kuti Loweruka likudzali akandionetsa mitengo ina itatu ya kumtunda ngati ndingafike iwo asanayambe kusesa. M'thumba la kabudula ndabweretsa njere zisanu za mbawa zimene ndinatola panjira, ndipo madzulo ano ndazifesa m'machubu kuseri kwa khitchini, pamene pamafika mthunzi masana.