Mantha a mufilimu amalowera m'khutu

Filimu yoopsa yopangidwa mwaluso sidalira magazi ayi. Imadalira mawu komanso zinthu zimene yabisa.

Tayesani kutsitsa voliyumu mpaka ziro pamene munthu akulowa m'chipinda chamdima, muona mantha onse akutha. Akatswiri amayamba ndi kamawu kotsika kongomveka m'chifuwa, kenako amazimitsa zonse kwa masekondi angapo, kuli zii, ndiye chitseko n'kumenyetseka. Vuto n'lakuti ambiri masiku ano amabwereza njira imeneyi mphindi zisanu zilizonse. Ukadzidzimuka katatu thupi limazolowera, kachinayi umangoyasamula.

Taonani filimu ya Psycho ya 1960, yopangidwa ndi Alfred Hitchcock. Pamene mkazi akubayidwa ndi mpeni m'bafa simuona bala lililonse. Magazi aja anali madzi a chokoleti, poti filimuyo inalibe mitundu, ndipo phokoso la kubaya analipeza pobaya vwende ndi mpeni. Zotsalazo mutu wanu umadzazira wokha. Mu Jaws ya 1975, shaki yamakina inkawonongeka pafupipafupi m'madzi a m'nyanja, choncho wopanga filimuyo, Steven Spielberg, anaibisa kwa nthawi yaitali, nyimbo ya John Williams n'kumagwira ntchito yonse. Chilombo chikaoneka bwinobwino m'mphindi khumi zoyamba, filimu yafa basi.

Koma mawu ena amagwiritsidwa ntchito molakwika: zimene zimandipweteka ndi mafilimu achisoni otamandidwa mopitirira muyezo aja. Maola atatu, nkhani yoti ikanatha m'mphindi 90, piyano ili kulira pansipansi kukukakamiza kugwetsa misozi chifukwa cha munthu amene sunamudziwe n'komwe.