Zikomo kwa ana a sikauti a ku Kasungu

Ndikuthokoza pagulu anyamata ndi atsikana a sikauti amene munathandiza mayi anga Loweruka lapitali pafupi ndi depoti ya Kasungu. Anagwa pa kabaza pochokera kumsika, mkono n'kuthyoka, bondo likuchucha magazi. Akuluakulu anangowaunjirira, ena mpaka kumajambula pafoni. Inu munagwada pafumbi.

Mwana wanga iwe amene unamasula kansalu kako ka m'khosi n'kukolekera mkono wa amayi, Mulungu akudalitse. Kansalu kameneka ine ndinkati ndi kokometsera yunifolomu chabe. Anzako anatsuka bala ndi madzi akumwa, wina n'kundiimbira foni ndili ku Mtunthama, ndipo simunachoke mpaka amayi atalandiridwa kuchipatala. Ndalama ya zakumwa munaikana.

Ndivomere, kale ndinkaona ngati usikauti ndi kuguba, nyimbo ndi kugona m'matenti basi. Kani kumisasako mumaphunziranso chithandizo choyamba ndi kutumikira anthu osawadziwa, potsatira mawu a gululi amene Robert Baden-Powell, amene analiyambitsa mu 1907, anasiya: khalani okonzeka.

Amayi akupeza bwino. Kansalu kaja tachapa ndi kusita. Atsogoleri anu atiuze komwe mumakumana tidzakabweze.