Labu ya kusukulu ya mwana wanga

Ndangofika kumene kuchokera ku miting'i ya makolo kusukulu ya mtsikana wanga wa Fomu 3 uja, koma abale manyazi andigwira. Ahedi anatilowetsa mu labu, tinapeza atsikana awiri atavala magogolosi akudontheza asidi mu kabotolo kuchita kuwerenga madontho, madzi apinki aja atangoyera mbee iwo kukuwa ngati agoletsa chigoli. Ine zida zimenezi ndinadzazigwira koyamba tsiku la mayeso a MSCE lomwelo, zobwereka kwina, manja ali njenjenje.

Pagulu lathu la WhatsApp amene ndimalongolola kwambiri za fizi ndine, ndinkati sukulu ya pulayiveti ifuniranji thandizo pomwe timalipira teremu iliyonse, kani fiziyo imathera malipiro a aphunzitsi ndi chakudya cha ana. Labu ija, mabuku a mulaibulale, sola yomwe amawerengera usiku magetsi akathima ngakhale mjigo wa kuseri kwa hositelo zonse anagula ndi ana asukulu akale ndi anthu ena akufuna kwabwino, ena ali ku Joni ena ku UK, amangosonkha pang'onopang'ono kutumiza pa Mukuru kapena Mpamba. Mjigowo amatunganso azimayi a m'mudzi wapafupi, tawapeza ndi zigubu zawo ali pamzere.

Chandipweteka kwambiri, mnzake wa mwana wanga amene amabwera kwathu paholide, wansangala uja, lero ndi pomwe ndadziwa kuti akumulipirira ndi munthu amene sanamuonepo nkhope. Ndalembetsa nane kuti ndizisonkha, kangachepe komweko.